Mankhwala ophera udzu amapita kuti tikapopera?

Masiku ano mvula ikayandikira, alimi ambiri a m'mbali mwa nyanja sakudaliranso khasu lokha. Kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota, mashopu a zipangizo zaulimi amadzaza ndi mabotolo a Roundup, Bullet, Harness ndi ena otero. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Aganyu akwera mtengo, ndipo bambo amene wachezera panyanja ndi chilimira sangathe kutandala m'munda tsiku lonse akupalira. Mankhwalawa apeputsa ntchito, zimenezo palibe angatsutse.

Koma abale ndi alongo, udzu ukauma, mankhwala aja amapita kuti? Ena amati dzuwa limawawotcha, ena amati amangotha okha. Dzuwa limathandizako pang'ono, inde, koma ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'nthaka, makamaka mabakiteriya. Iwowa ndi amene amadya mankhwalawo. Akapanda kuwadya, mankhwala sasowa kolowera. Kwathu kuno munda uli kumtunda, chitsime pakati, nyanja kumunsi, ndiye nkhaniyi ikukhudza mlimi ndi msodzi yemwe.

Antchito osaoneka a m'munda

Tikamva za mabakiteriya, ambirife timaganiza za kolera ndi matenda ena. Oyambitsa matendawo alipo ndithu, koma ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa omwe amatithandiza. Mkaka ukasanduka chambiko, ndi ntchito yawo. Timibulu tomwe timaona pamizu ya mtedza, soya ndi nandolo ndi nyumba za mabakiteriya omwe amatenga nayitirojeni mumpweya n'kuipereka ku mbewu. Mapesi ndi ndowe zikawola n'kukhala manyowa, ndi iwo omwewo, mothandizana ndi chuku komanso chiswe.

M'supuni yaing'ono imodzi ya dothi lachonde mumatha kukhala mabakiteriya kuyambira 100 miliyoni mpaka 1 biliyoni. Ambiri amakhala m'dothi lapamwamba, lomwe khasu limafika, chifukwa ndi momwe muli chakudya, mpweya ndi mizu. Mukamatsika pansi amanka nachepa. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Amadya bwanji poizoni?

Mankhwala ophera udzu anapangidwa kuti atseke ntchito ina yake m'thupi la chomera. Atrazine, mwachitsanzo, amalepheretsa tsamba kupanga chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa. Kwa mabakiteriya ena, mankhwala omwewo ndi ndiwo basi. Mkati mwake muli zinthu zomwe chamoyo chilichonse chimafuna, monga kaboni, nayitirojeni ndi fosiforasi, zomwe zina timazigula m'thumba la feteleza. Mabakiteriya amatulutsa timadzi tomwe timadula mankhwalawo pang'onopang'ono, ngati mmene mayi amatumbulira nsomba, kuchotsa mamba, mutu ndi minga mpaka kutsala chodyedwa. Ntchito ikatheka yonse, chotsala ndi madzi, mpweya wonga womwe timatulutsa popuma, ndi timchere tomwe mbewu imatha kugwiritsa ntchito.

Zimenezi zinadziwika kale. Mu 1949, wasayansi wa ku England dzina lake L. J. Audus anathira mankhwala a 2,4-D m'dothi n'kumayeza otsala. Kwa masiku angapo oyamba sipanaoneke kusintha. Kenaka mankhwala anayamba kutha mofulumira. Atathiranso ena m'dothi lomwelo, anatha msanga popanda kudikira kuja. Tanthauzo lake linali lakuti poyamba mabakiteriya odziwa kudya mankhwalawo anali ochepa, ndiye anafunika nthawi yoti aswane. Ataswana, ulendo wachiwiri anawapeza ali chire.

Mankhwala atatu, makhalidwe atatu

Dzina lalikulu la pabotolo ndi la malonda chabe. Dzina la mankhwala enieni limalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndi limene limatiuza mmene mankhwalawo adzakhalire m'nthaka. Tione atatu.

Woyamba ndi glyphosate, amene ali mu Roundup ndi m'mabotolo ena ambiri a mayina osiyanasiyana. Kampani ya Monsanto ya ku America inayamba kumugulitsa mu 1974. Akagwera pansi amakakamira kwambiri ku dothi, makamaka la dongo ndi katondo, choncho salowa pansi msanga. Mabakiteriya a mitundu ingapo, monga Pseudomonas ndi Ochrobactrum, amamudya. Ena amafuna fosiforasi yemwe ali mkati mwake. Ena amamudula n'kusiya chotsalira chotchedwa AMPA, chomwe chimakhalitsa m'nthaka kuposa glyphosate mwini wake. Popeza amamatirira ku dothi, njira yake yaikulu yopitira kumtsinje ndi kukokoloka kwa nthaka. Dothi likapita, naye wapita.

Wachiwiri ndi atrazine, amene amapezeka mu Bullet ndi m'mankhwala ena a m'munda wa chimanga. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1958, atapangidwa ndi kampani ya Geigy ya ku Switzerland. Uyu sakakamira kwenikweni ku dothi, amayenda ndi madzi. Akadutsa dothi lapamwamba n'kufika ku madzi apansi, komwe kuli mabakiteriya ochepa, mpweya wochepa ndi chakudya chochepa, amatha kukhala zaka zambiri. Dziko la Germany linaletsa atrazine mu 1991, koma patadutsa zaka zoposa 20 ankapezekabe m'madzi apansi a m'madera ena. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2004 pa chifukwa chomwechi cha madzi.

Wachitatu ndi paraquat, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Gramoxone. Uyu amagwira dongo mwamphamvu kwambiri moti mabakiteriya amavutika kumupeza, ndiye amakhala m'nthaka zaka ali chimangire. Kwa munthu ndi poizoni woopsa zedi. Kumwa pang'ono chabe kumawononga mapapo, ndipo palibe mankhwala othetsa poizoni wakeyo.

Mwaonatu, mawu akuti "mankhwala ophera udzu" akuphatikiza zinthu zosiyana kwambiri. Ena mabakiteriya amawamaliza msanga, ena amawathawa polowa pansi, ena amabisala m'dongo.

Theka, kenaka theka la theka

Mankhwala satha tsiku limodzi. Akatswiri amawerenga nthawi yomwe imatenga kuti theka lithe. Kwa atrazine, nthawi yomwe imatchulidwa kawirikawiri ndi masiku pafupifupi 60. Tiyerekeze kuti mwapopera magawo 100. Pakatha masiku 60 atsala 50. Pakatha masiku 120 atsala 25. Pakatha masiku 180 atsala pakati pa 12 ndi 13. Ndiye ngati mwathira muyeso wowirikiza kawiri, mwawonjezera miyezi ina iwiri yathunthu kuti munda ufike pomwe ukanafika. Kwa glyphosate, nthawi imeneyi imasiyana kwambiri, kuyambira masiku ochepa mpaka miyezi ingapo, malinga ndi nthaka ndi nyengo.

Ichi n'chifukwa chake mlimi wina amadabwa mtedza, nyemba kapena soya zikuchita chikasu n'kufa m'munda womwe munali chimanga chopoperedwa. Chimanga chili ndi mphamvu yochotsa ululu wa atrazine m'thupi mwake, pamene mbewu za masamba aakuluzi zilibe mphamvu yokwanira. Otsalira ochepa chabe amatha kuziwononga. Amene mumabzala nandolo kapena khobwe pakati pa chimanga, kapena mumabwereza mbewu ina m'dimba mukangokolola, werengani bwino botolo musanagule.

Chimawathandiza n'chiyani, chimawafooketsa n'chiyani

Mabakiteriya ndi amoyo, choncho amafuna zomwe zamoyo zimafuna.

Choyamba ndi chinyezi. Nthaka ikauma gwa, monga zimakhalira kuyambira Juni mpaka Okutobala, iwo amagona. Mankhwala omwe anatsala mvula itasiya amangodikira momwemo mpaka dzinja lina. Musawerenge miyezi ya chilimwe ngati kuti ntchito inali kuyenda mofanana ndi ya dzinja.

Chachiwiri ndi kutentha. Apa ife tili ndi mwayi, chifukwa nthaka yofunda ndi yonyowa ya kunyanja imawapatsa changu kuposa ya kumayiko ozizira.

Chachitatu ndi mpweya. Ambiri mwa odya mankhwalawa amagwira bwino ntchito m'dothi lomwe mpweya ukulowa. M'dambo lomira madzi kapena m'matope a pansi pa mtsinje, mankhwala ambiri amachedwa kutha.

Chachinayi ndi chakudya, ndiye kuti zowola: manyowa, kompositi, mapesi ndi masamba. Zowolazi zimagwira ntchito ziwiri. Zimachulukitsa mabakiteriya, komanso zimagwira mankhwala kuti asathamangire pansi, kuti odya aja apeze nthawi. Tikatentha mapesi pososa kapena pofuna mbewa, timawotcha chakudya cha antchito athu omwe. Moto umapha a pamwamba penipeni okha, koma njala yotsatira imakhudza onse.

Tsono taganizani za minda yathu yambiri ya m'mbali mwa nyanja. Ndi yamchenga, zowola ndi zochepa, madzi amalowa msanga, ndipo madzi apansi ali pafupi moti ena timakumba chitsime ndi khasu lokha. Mumchenga wotere, chimvula champhamvu chikagwa mutangopopera, mankhwala onga atrazine amadutsa m'dothi lapamwamba mabakiteriya asanawalawe n'komwe. Muyeso womwe ungathe bwinobwino m'makande a kumtunda, mumchenga wa kugombe ukhoza kukathera m'chitsime.

Akazolowera kudya

Pali mbali inanso yodabwitsa. Atrazine atangoyamba kugwiritsidwa ntchito, ankadziwika kuti ndi wovuta kuphwanya. Koma mu 1995, akatswiri a pa yunivesite ya Minnesota ku America, mmodzi mwa iwo Lawrence Wackett, analengeza kuti apeza bakiteriya m'dothi la pamalo pomwe panatayikira mankhwala ophera udzu. Anamutcha Pseudomonas ADP. Uyu amadya atrazine mpaka kumumaliza, ndipo amamugwiritsa ntchito ngati gwero lake la nayitirojeni. Luso lakeli limasungidwa pa kachidutswa ka DNA komwe mabakiteriya amatha kupatsirana, ngati mmene anthu amabwerekana chida. Posakhalitsa, luso lofanana kwambiri linapezeka mwa mabakiteriya a kumayiko otalikirana. Mankhwala omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1958 anali atapeza owadya zaka 40 zisanakwane.

Kwa madzi, imeneyi ndi nkhani yabwino. Kwa mlimi ili ndi mbali ziwiri. M'minda ina ya chimanga ku Colorado ndi ku Mississippi, komwe atrazine ankathiridwa chaka ndi chaka, ofufuza anapeza kuti theka la mankhwala linkatha m'masiku ochepa chabe. Udzu unkameranso msanga, mankhwala atadyedwa kale.

Choncho mukaona kuti mankhwala omwe mwakhala mukuthira zaka zingapo sakugwiranso ngati kale, musathamangire kuwonjezera muyeso. Zifukwa zikhoza kukhala zingapo. Mwina mwagula achinyengo kapena otha mphamvu. Mwina udzuwo wazolowera. Mwina munasungunula ndi madzi amatope, paja glyphosate amakakamira ku dothi ngakhale mkati mwa sipuleya momwemo, ndiye amafika pa udzu atafooka. Mwinanso ndi mabakiteriya omwe achuluka. Pa zonsezi, kuwonjezera muyeso kumangodya ndalama n'kuchulukitsa otsikira kumadzi. Njira yabwino ndi kasinthasintha wa mbewu, kusintha mtundu wa mankhwala, kuphimbira nthaka ndi mapesi, ndi kuzula udzu wotsala usanabereke njere.

Akafika kunyanja

Mvula ya Novembala ndi Disembala ndiyo imatsuka minda yomwe yangopoperedwa kumene, nthaka ikadali yambee. Madziwo amatsika m'makwawa n'kulowa mu Linthipe, Bua, Dwangwa ndi timitsinje tambiri tomwe timathira m'nyanja. Miyezi yomweyi ndi imene timaleka makoka kuti chambo chiswane, ndipo tiana take timakulira m'madzi osaya, m'mabango ndi m'matamanda a kugombe. Mpasa ndi sanjika nazo zimakwera mitsinje nthawi ya dzinja kukaikira mazira. Kumene madzi a kumunda amayambira kufika ndi komwenso kuli nsomba zanthete.

Mankhwala opangidwira kupha zomera sasiyanitsa udzu wa m'munda ndi ndere za m'madzi. Atrazine amatseka kapangidwe ka chakudya mu ndere monga momwe amachitira ndi udzu. Ndere zing'onozing'ono zoyandama ndi chakudya cha chambo, komanso cha tizilombo ta m'madzi tomwe usipa ndi utaka zimadya. Palinso china. M'mabotolo ambiri a glyphosate amasakanizamo mankhwala onga sopo othandiza kuti agwire tsamba. Mtundu wina wa sopoyu, wotchedwa POEA, ndi woopsa kwa nsomba ndi mbululu kuposa glyphosate mwini wake. Munthu wotsuka sipuleya padooko amathira zonsezi mwachindunji pomwe pali tiana ta nsomba, pomwenso amayi amatunga madzi ndipo ana amasamba.

Wina anganene kuti nyanja ndi yaikulu, kabotolo kamodzi kangatani? Zoona, pakati pa nyanja mankhwala amasungunuka kwambiri. Vuto lili m'mphepete, m'matamanda, m'maiwe oweta nsomba ndi m'madzi osaya ngati a Malombe, momwe madzi ndi ochepa. Komanso tisaiwale kuti nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi. Nthunzi imanyamula madzi okha, zambiri zomwe zinabwera nawo zimatsala. Kuchepa kwa nsomba kuli ndi zifukwa zake zazikulu zomwe tonse tikuzidziwa, monga kupha mopyola muyeso, maukonde a udzudzu ndi matope ochokera kumtunda. Mankhwala a m'munda ndi katundu wina wowonjezera pamutu womwe walemedwa kale, ndipo uyu yekha tikhoza kumuchotsa mosavuta.

Zoyenera kuchita

Mfundo ndi imodzi: mankhwala akhale m'dothi lapamwamba la munda, momwe muli owadya, kwa nthawi yokwanira. Zotsatirazi zonse zikuchokera pamenepo.

Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, m'botolo lotsekedwa komanso lolembedwa. Bungwe la boma la Pesticides Control Board ndi limene limavomereza mankhwala ololedwa m'dziko muno. Mankhwala opimidwa m'kabotolo ka zakumwa pamsika simungadziwe kuti ndi chiyani, ndipo mwana akhoza kuwayesa chakumwa.

Tsatani muyeso wolembedwa. Ngati chilankhulo cha pabotolo chikuvuta, funsani alangizi a zaulimi kapena wina wodziwa kuwerenga. Mabotolo ena amatchula muyeso wocheperako pa nthaka yamchenga, ndiponso nthawi yodikira musanabzale mbewu ina.

Yang'anani kumwamba musanapopere. Kukachita mdima wa chimvula, dikirani. Glyphosate amafuna maola angapo opanda mvula kuti alowe m'tsamba. Opopera pansi udzu usanamere amafuna nthaka yonyowa, osati madzi othamanga. Kukakhala mphepo, monga mwera kapena mpoto, mankhwala amaulukira kwa eni ake kapena kumadzi.

Siyani mpata pakati pa munda ndi madzi. M'mphepete mwa mtsinje, nyanja, dziwe ndi chitsime musapopere, palirani ndi khasu. Mzere wa vetiva, nsenjere kapena bango umachepetsa liwiro la madzi, umagwira dothi, ndipo pamizu yake pamakhala mabakiteriya ambiri. Akalozera ndi mizere yopingasa chitunda zimathandiza chimodzimodzi.

Tungani madzi ndi chidebe choyera, mupite nawo kumunda, mukasungunulire komweko. Sipuleya isafike padooko kapena pamjigo. Botolo likatha, litsukuluzeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya n'kupopera m'munda. Madzi otsukira sipuleya nawonso amwazidwe m'munda womwewo pamalo otakasuka, osati kukhuthulira pamodzi, chifukwa mankhwala akachuluka pamalo amodzi amaposa mphamvu ya mabakiteriya n'kulowa pansi. Botolo libooleni kuti lisagwirenso ntchito. Lisasanduke la mafuta ophikira, la madzi akumwa, kapena choyandamitsira ukonde. Popopera valani zovala zophimba thupi lonse, nsapato ndi chotseka pakamwa ndi mphuno, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha, kutali ndi nyanja.

Dyetsani nthaka. Manyowa a khola, kompositi, mapesi osatentha, masamba a nsangu ndi gliricidia, kasinthasintha ndi mbewu za mtundu wa nyemba, zonsezi zimachulukitsa antchito aja. Zomwe zimabweretsa chonde ndi zomwezonso zimathandiza munda kudziyeretsa.

Kwa makalabu a alimi omwe amabwerekana sipuleya, pali nzeru ina yochokera ku Sweden, komwe inayamba mu 1993. Amakumba dzenje lakuya pafupifupi masentimita 60, pansi n'kutsira dongo, kenaka n'kudzazamo zosakaniza: theka mapesi odulidwa, gawo limodzi mwa anayi dothi lapamwamba, ndipo gawo lotsalalo zowola za m'dambo. Pamwamba amabzala kapinga. Kusungunula mankhwala ndi kudzaza sipuleya kumachitikira pamenepo, kotero kuti madontho otayika amagwera m'kamwa mwa chuku ndi mabakiteriya. Kumayiko ena, m'malo mwa zowola za m'dambo amaikamo kompositi, yemwe ifenso tili naye. Dzenje lotere likumbidwe pamalo okwera, kutali ndi chitsime, pomwe madzi apansi sali pafupi, ndipo alangizi aonepo kaye.

Mabakiteriya a m'nthaka amagwira ntchito yaikulu popanda kulipidwa, koma ali ndi malire. Sangadye mankhwala omwe atsukidwira padooko, omwe akokoloka ndi dothi usiku umodzi, kapena omwe adutsa mumchenga n'kufika m'chitsime. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Chaka chino musanatsegule botolo, yang'anani komwe madzi a m'munda mwanu amalowera mvula ikagwa, ndipo muone amene amamwa kapena kuwedza kumeneko. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi a pabanja panu pomwe.